Mkaka wanga wa soya ukusasa tsiku lomwelo, ndithandizeni

Wofunsa:
Moni nonse pagulu pano. Ndikupempha nzeru kwa inu amene mumapanga mkaka wa soya wogulitsa, kapena amene mumadziwa bwino za ukhondo wa zakudya. Ine ndimapangira pakhomo, malita ochepa patsiku, ndipo ondigula ambiri ndi amayi ogulira ana awo komanso achikulire amene mkaka wa ng'ombe umawavuta m'mimba. Chiyambireni kutentha, mkakawu sukukhalitsa. Ndikathira m'mabotolo m'mawa, pofika masana ena ayamba kafungo kosasa, ena mkaka walekana ndi madzi. Botolo lina linachita kufufuma, potsegula linatulutsa mpweya. Chimene chikundisowetsa tulo n'chakuti mayi wina wandiuza kuti mwana wake anasanza ndi kutsegula m'mimba tsiku limene anamwa mkaka wanga. Mwanayo ali bwino tsopano, koma ine mtima sukukhala pansi.

Kapangidwe kanga ndi aka. Ndimaviika soya usiku wonse, m'mawa n'kutsuka, kenako kupera ndi madzi mu blenda. Ndimatereka pamoto mpaka thovu likwere, ndimaphula, n'kusefa ndi nsalu. Ndikathira shuga ndimasiya m'ndowa yovindikira kuti uzizire, ukazizira ndiye ndimathira m'mabotolo apulasitiki otsuka ndi sopo. Firiji yanga ndi yaing'ono, ndiye mabotolo ena amadikira panja. Vuto lagona pati? Alipo mankhwala othira kuti usawonongeke? Nanga wotsala ndingauwiritsenso n'kugulitsa mawa lake?

Bambo wina:
Pezani sodium benzoate mayi. Opanga juwisi amathira yomweyo ndipo zinthu zawo zimakhalitsa.

Mayi wopanga mkaka wa soya:
Pepani bambo, koma benzoate pano sithandiza. Imagwira ntchito m'zakumwa zowawasa ngati juwisi wa zipatso, zimene pH yake (muyeso wa kuwawasa, nambala ikachepa ndiye kuti n'chowawasa kwambiri) ili pansi pa 4.5. Mkaka wa soya pH yake imayandikira 7, ndiye muwononga ndalama mkaka n'kusasabe.

Achemwali, ine chandidetsa nkhawa poyamba ndi mawu akuti "mpaka thovu likwere". Thovu la soya limanamiza anthu ambiri. Mu soya muli chinthu chachilengedwe chotchedwa saponin, chimene chimachititsa kuti thovu lisefukire mkaka ukangofika madigiri pafupifupi 80, usanawire n'komwe. Mukaphula pamenepo mwaphula mkaka wosapsa. Soya wosapsa ali ndi zinthu zotchedwa trypsin inhibitor ndi lectin, zimene zimasokoneza kagayidwe ka chakudya m'mimba, ndipo munthu akamwa amatha kuchita nseru, kusanza, kupotokola m'mimba ndi kutsegula. Thovu likakwera chepetsani moto, takasani, yengulani thovulo, dikirani mpaka muone mkaka weniweniwo ukubwadamuka kuchokera pansi pa poto. Mukaona zimenezo ndiye yambani kuwerenga nthawi, mphindi 15, mukutakasa kuti usapserere. Gwiritsani ntchito poto wamkulu, mkaka ufike theka lokha, apo ayi mudzaphula msanga poopa kutayika.

Chachiwiri ndi nsaluyo. Mwawiritsa, kenako mkaka ukudutsa m'nsalu imene inagwira ntchito dzulo, mukufinya ndi manja. Pakhungu ndi m'mphuno mwa anthu ambiri athanzi mumakhala tizilombo totchedwa Staphylococcus aureus, ndipo tikalowa mu mkaka wofunda timaswana n'kusiya poizoni. Ine ndimasefa kaye mkaka usanapse, ndimathira shuga, kuwiritsa kumabwera komalizira. Ukachoka pamoto palibe dzanja, nsalu kapena kapu imene imaukhudzanso.

Koma chimene ndikuchikayikira kwambiri ndi ndowa yovindikirayo. Mkaka wambiri m'ndowa yapulasitiki umatenga maola ochuluka kuti uzizire, pakati pamakhala pofunda ngakhale m'mbali mwazizira. Soya amachokera kumunda ndi tizilombo ta m'dothi totchedwa Bacillus cereus, ndipo njere za tizilomboti sizifa ndi kuwiritsa wamba. Zimangodikira kuti kutentha kutsike, kenako zimamera n'kuchulukana. A bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO amati tizilombo timaswana kwambiri pakati pa madigiri 5 ndi 60, ndipo chakudya chophika chisakhale panja kupitirira maola 2. Werengani maola a mkaka wanu kuyambira pophula mpaka polowa m'firiji, muona nokha.

Wofunsa:
Zikomo kwambiri achemwali, za thovuzo zandiopsa ndithu. Nanga ndiziziritse bwanji msanga, poti firiji ndi yomwe ndanena ija? Ndikaikamo zotentha imasiya kuzizira.

Mayi wopanga mkaka wa soya:
Musaike zotentha m'firiji, mutenthetsa ndi zina zomwe zili momo. Thirani mkaka ukadali wotentha m'mabotolo oyera, tsekani nthawi yomweyo, muwaimike m'beseni la madzi. Ngati ndi agalasi yambani ndi madzi ofunda kuti asasweke, kenako ozizira, komalizira a ayisi. Madziwo afike m'khosi mwa botolo koma asamize chotsekera. Botolo laling'ono limazizira msanga kusiyana ndi ndowa. Ndipo kunena zoona, pangani wokwana m'firiji mwanu basi. Kuli bwino kupanga kawiri patsiku kusiyana n'kusiya mabotolo padzuwa akudikira malo. Njira ina ndi kugulitsa wotentha kuchokera m'fulasiki, bola usatsike pansi pa madigiri 60. Gulani kachipangizo koyezera kutentha kwa zakudya, kakuthandizani kwambiri.

Mnyamata wina:
Samalani ndi mabotolo a madzi akumwa aja, a PET. Mukathiramo zotentha amakwinyika. Pezani agalasi kapena apulasitiki yolimba yolembedwa PP pansi pake. Komanso sopo yekha safika m'mizere ya pakamwa pa botolo ndi m'kati mwa chotsekera, mmenemo ndi mmene mumabisala mkaka wakale. Tengani chotsekera chimodzi mwa zotsukazo muchinunkhize, kapena muchipale ndi kamtengo, muona zoyera zikutuluka. Kaburashi ka mabotolo n'kofunika, ndipo mukatsuka agalasiwo muwawiritse pamodzi ndi zotsekera n'kuwavundikira pa thandala kuti aume okha, osapukuta ndi kansalu ka mbale. Otola kapena obwezedwa ndi makasitomala, ngati ndi apulasitiki yopyapyala, asiyeni.

Mayi wina:
Ine wotsala ndimawiritsanso ndipo sindinamvepo dandaulo.

Wogwira ntchito za umoyo:
Amayi, chonde zimenezo zisiyeni. Kuwiritsanso kumapha tizilombo tambiri, koma poizoni wosanzitsa wa Bacillus cereus ndi wa Staphylococcus safa ndi moto wa pakhomo. Mkaka ukhoza kukhala ndi poizoniyo usananunkhe, usanasinthe kakomedwe. Munthu amayamba kusanza pakangopita maola ochepa, kawirikawiri osapitirira 6, ndipo ambiri sabwerera kudzadandaula, amangosiya kugula. Mkaka umene watha tsiku panja ndi wotaya. Botolo lofufuma lija musalawe n'komwe.

Kwa inu ofunsa, funsani mayi uja kuti mwanayo anayamba kudwala patapita nthawi yaitali bwanji atamwa, ndipo funsaninso ena amene anagula tsiku lomwelo. Akakhala angapo, vuto ndi mkakawo. Akakhala yekhayo, pangakhalenso zina, chifukwa ana ena thupi lawo silimvana ndi soya. Zizindikiro zake ndi zidzolo zoyabwa, kutupa milomo kapena kubanika, ndipo zikatero athamangire kuchipatala. Mwanenanso kuti ambiri amagulira ana. Muziwauza momveka kuti mkaka wa soya wopanga pakhomo sungalowe m'malo mwa mkaka wa m'mawere kapena wa makanda wa m'chitini. Khanda losakwana chaka asalipatse.

Mtsikana wina:
Nanga wa m'makatoni uja umakhala bwanji miyezi osalowa m'firiji? Sitingangotseka mwamphamvu n'kuwiritsa mabotolowo?

Wogwira ntchito za umoyo:
Wa m'katoni amautenthetsa ndi makina pa madigiri 135 kapena kuposerapo kwa masekondi ochepa, njira ya UHT, n'kuuthira m'katoni yopanda tizilombo m'malo otsekedwa. Poto wa pakhomo amalekera pa 100. Kutseka chakumwa chosawawasa m'botolo n'kuchisunga panja n'koopsa kwambiri, chifukwa tizilombo totchedwa Clostridium botulinum timakonda malo opanda mpweya otero, ndipo poizoni wake amapha. Wanuwo ukhale m'firiji, umwedwe m'masiku atatu, ndipo pabotolo lembani tsiku lopangira.

Bambo wolima soya:
Onaninso soya amene mukugula. Wambewu amapakidwa mankhwala, nthawi zambiri amaoneka ofiirira kapena obiriwira, ameneyo si wodya ngakhale mutatsuka chotani. Wachuku ndi wonunkha chinyontho musankhe n'kutaya, poizoni wa chuku sachoka ndi kuphika. Kukamatentha chonchi usiku wonse ndi wautali poviika. Mukapeza madzi ali ndi thovu komanso kafungo kowawasa, soya wayamba kale kusasa musanapere. Fupikitsani nthawi, sinthani madzi pakati, kapena viikani m'firiji.

Wofunsa:
Ndayesa kusefa ndisanawiritse monga mwanenera achemwali, koma mkaka watuluka ndi fungo la nyemba zaziwisi kuposa kale. Ndibwerere ku njira yakale?

Mayi wopanga mkaka wa soya:
Ayi, musabwerere. Fungolo limabwera ndi chinthu china cha mu soya chotchedwa lipoxygenase, chimene chimayamba kugwira ntchito soya akangosweka m'madzi ozizira. Soya woviika uja muponyeni kaye m'madzi owira kwa mphindi zochepa, kenako perani ndi madzi otentha opitirira madigiri 80 ngati jagi ya blenda yanu imapirira moto. Thirani theka lokha ndipo gwirani chivindikiro ndi nsalu, nthunzi imakankha. Ngati mukufunabe kuphika kaye musanasefe chifukwa mkaka umatuluka wochindikala, palibe choletsa, koma mukasefa muubwezere pamoto uwirenso musanathire m'mabotolo. Nsaluyo ichapidwe mukangomaliza, iwiritsidwe, iume padzuwa, ndipo mukhale nazo ziwiri zosinthana.