Buku la Derek Sivers: ndiitanitse kapena ndisunge ndalama zanga?

Wagitala: Akuluakulu, alipo anawerengako Anything You Want la Derek Sivers? Msuweni wanga wa ku Joni akuti andigulira, ine ndidzamubwezere. Ndisanavomere ndimve kaye kwa inu.

Mayi_Salaula: Ameneyo ndi ndani, achimwene?

Wagitala: Woyimba wa ku America, anaphunzira pa Berklee College of Music. Ankayimbanso ndi kuwulutsa mawu m'gulu la zisudzo za circus. Mu 1998 anayambitsa CD Baby, sitolo ya pa intaneti yogulitsa ma CD a oyimba opanda kampani yowagwira dzanja. Pa CD iliyonse iye ankatengapo madola 4 basi, zotsalazo n'kupereka kwa mwini nyimbo. Mu 2008 anaigulitsa madola 22 miliyoni.

Mphunzitsi: Ndinaliwerenga. Ndi lopyapyala, mukhoza kulitsiriza mukudikira minibasi idzaze. Chimene chinandigwira mtima n'chakuti mkuluyu sanakhale pansi kuti ayambe bizinesi. Ankangofuna kugulitsa CD yake, anzake n'kumupempha kuti awagulitsireko zawo, zinthu n'kukula. Kunena zoona, uphungu wake wonse wagona pamenepo: thandizani anthu pa vuto limene ali nalo kale. Gulani.

DJ_Ndirande: Aphunzitsi, pepani, ine ndikukana. Nkhani ya 1998 imeneyo. Lero ndani akugula CD? Nyimbo anthu akungotumizirana pa WhatsApp, ena kukaikitsa mu memori kadi pamsika. Wagitala akufuna kudziwa mmene angapezere ndalama ya studio, osati mbiri ya munthu wolemera.

Mphunzitsi: Za CD zinatha, inde. Koma kusamala kasitomala sikunathe.

Mayi_Salaula: Zimenezo ndiye ndimazidziwa popanda buku, kikiki. Funso langa: madola 22 miliyoniwo anadya yekha?

Mphunzitsi: Ayi mayi. Asanagulitse, anaika kampaniyo m'thumba lachifundo, loti iye akadzamwalira ndalamazo zidzapite ku maphunziro a nyimbo. Iye amangolandirako kagawo chaka ndi chaka.

DJ_Ndirande: Ndiye vuto lake limenelo. Wokhuta savutika kunena kuti ndalama si kanthu.

Mlongo_waku_Leeds: Mukukangana chabe. Munthuyu amalemba zambiri pa tsamba lake la sive.rs, zaulere. Nkhani imene anakamba mu 2010 pa TED (misonkhano imene anthu amakambapo maganizo awo, n'kuikidwa pa intaneti ngati kanema), ija ya mnyamata wovina yekha paphiri mpaka wina kumutsatira, ndi ya mphindi zitatu zokha, bandulo yake ndi yochepa. Yambani kumeneko, achimwene. Komanso poti ndinu woyimba, loyenera inu ndi buku lake lina, Your Music and People, lokamba za kutsatsa nyimbo. Linalo ndi la abizinesi.

Wagitala: Ndiye ndimuuze msuweni abweretse zingwe za gitala kaye?

DJ_Ndirande: Zingwe, ndi kebulo yomwe. Buku mubwereke kwa aphunzitsi.

Mphunzitsi: Langa linabwerekedwa chaka chatha, mpaka lero silinabwere.