Ndiwauze chiyani makolo ofuna kuchotsa maphunziro a zaluso?

Aphunzitsi anzanga ndi makolo, ndithandizeni nzeru. Pasukulu yomwe ndimaphunzitsa, komiti ya makolo ikufuna kuti nthawi ya kujambula, nyimbo ndi zisudzo ichotsedwe, kuti ana azichita masamu pokonzekera mayeso. Akuti zaluso n'zongotayitsa nthawi.

Ine nkhaniyi ikundiwawa kwambiri. Mwana amene anajambulapo tsamba, n'kumalondola mitsempha yake umodziumodzi ndi pensulo, akafika pa sayansi amaona zinthu zomwe anzake amangozidutsa. Woimba ng'oma amagawa kugunda pawiri, panayi, osadziwa kuti wayamba kale masamu a magawo. Palinso ana amanyazi omwe mawu awo timayamba kuwamva tsiku lomwe apatsidwa mbali m'sewero. Bungwe la UNESCO, loona za maphunziro ndi chikhalidwe pansi pa United Nations, nalonso linachititsa misonkhano ya mayiko onse pa nkhani yomweyi, ku Lisbon, Portugal, mu 2006 ndi ku Seoul, South Korea, mu 2010.

Komatu makolo alibe nazo ntchito za misonkhano, iwo akufuna ana awo akhoze, ndipo sindikuwada. Inu amene munakumanapo ndi zoterezi, munawafika bwanji pamtima? Kodi ndiwaitane adzaonere okha ntchito za ana, kapena ndivomere kuti nthawiyo ichepetsedwe bola isatheretu? Tikumana nawo sabata yamawa.