Akuti mwina ndi apendikisi: tisaine kapena tidikire?

Membala wosatchula dzina: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Mng'ono wanga, mtsikana wa zaka 19, wagonekedwa m'chipatala. M'mimba mukumupweteka kumanja chakumunsi kuyambira dzulo masana. Adokotala akuti mwina ndi apendikisi ndipo tisaine za opaleshoni. Amalume akukana, akuti ena amang'ambidwa n'kupezeka kuti munalibe vuto. Kodi zimachitikadi? Nanga zikatero kuopsa kwake n'kotani? Kwathu ndi ku East Bank, kutsidya la kum'mawa kwa mtsinje wa Shire.

Wachipatala, Chikwawa: Zimachitikadi achemwali, makamaka kwa atsikana ndi amayi, chifukwa pamalo omwewo pali chubu cha chiberekero ndi thumba la mazira. Apendikisi ndi kathumbo kotalika ngati chala, kali pafupi ndi pomwe matumbo aang'ono amalumikizana ndi aakulu. Kakatupa, ululu umakonda kuyambira pamchombo, n'kutsikira kumanja pakatha maola 12 mpaka 24. Chilakolako cha chakudya chimatha, nseru imabwera, thupi limatentha pang'ono, ndipo wodwala akatsokomola kapena galimoto ikagwa m'dzenje amagwira pomwepo. Ngati ululu sunayende choncho, auzeni adokotala mmene unayambira.

Musanasaine funsani ngati amuyeza mkodzo kuti aone ngati ali ndi pakati. Apa musachite manyazi, ndipo amalume ayambe atuluka kuti mwana ayankhe momasuka za tsiku lomwe anasamba komaliza. Mimba yokhala mu chubu imapweteka chimodzimodzi, ndipo chubucho chikaphulika magazi amatayikira m'kati. Matenda a m'chiberekero obwera pogonana, a m'chikhodzodzo ndi timiyala ta mu impso nazonso zimasokoneza. Kuno kuchigwa onjezanipo malungo, tayifodi ndi likodzo. Choncho pakufunika kuyeza mkodzo, magazi, malungo, komanso sikani ngati ilipo.

Namwino wa ku fiyeta (chipinda cha opaleshoni): Pa funso lanu lachiwiri. Kathumbo kakhale kotupa kapena kabwinobwino, bala ndi lomwelo. Chomwe chimachitika kawirikawiri ndi bala kuchita mafinya pakati pa tsiku lachitatu ndi lachisanu ndi chiwiri: limafiira, limatupa, thupi limatenthanso. Thukuta la kuno limavutitsa bandeji, ndiye ikanyowa izisinthidwa. Vuto lomwe anthu salidziwa ndi zipsera za m'kati. Matumbo akakhudzidwa amatha kumatirirana, ndipo patapita ngakhale zaka angapindike n'kutseka, munthu n'kumasanza, mimba itafufuma, osatulutsa ngakhale mpweya. Palinso kutaya magazi, zovuta za mankhwala ogonetsa, ndi matumbo kutukumukira pachipsera ngati munthu wafulumira kugwira khasu kapena kusenza ndowa pasanathe milungu 4 mpaka 6. Kwa woyembekezera, opaleshoni ya m'mimba imawonjezera chiopsezo choti mimba ichoke kapena mwana abadwe masiku asanakwane. Choipitsitsa n'choti matenda enieni aja amakhala akadalipo, onse atakhazikitsa mtima pansi kuti zatha.

Mphunzitsi wa anamwino, Nsanje: Zonsezi n'zoona, koma amalume asazimve ngati chilolezo chomutulutsa. Kuchotsa kathumbo kabwinobwino n'kolakwika pang'ono poyerekeza ndi kusiya kotupa mpaka kuphulika. Pakadutsa maola 36 mpaka 48 chiopsezo chophulika chimakwera, mafinya amafalikira m'mimba monse, ndipo pamenepo sang'ambanso kabala kakang'ono kumanja, amatsegula pakati. Mng'ono wanuyo watha kale tsiku. Ngati zizindikiro sizikumveka bwino, njira yapakati ilipo: akhale m'wodi pa diripi, osadya osamwa, adokotala azimupimanso pakapita maola angapo, kwa maola 6 mpaka 12. Apendikisi weniweni amadziulula yekha, ululu umakula ndipo mimba imauma. Kudikira koteroko kumachitikira pabedi lachipatala. Mukapita naye ku East Bank, mvula ikadula msewu usiku mudzamubweza bwanji?

Membala wosatchula dzina: Zikomo kwambiri nonse. Mkodzo ayeza, alibe pakati, malungonso alibe. Amalume akufunsa ngati jakisoni yekha sangathandize.

Wachipatala, Chikwawa: Maantibayotiki amathandiza ena amene kathumbo sikanaphulike, koma ena mwa iwo amadzafunikabe opaleshoni chaka chisanathe, ndipo popanda sikani yabwino n'kovuta kutsimikiza kuti sikanabooke. Kwa munthu wokhala kutali ndi chipatala chokhala ndi fiyeta, imeneyo si njira yothamangira. Afunseni adokotala kuti magazi aonetsa chiyani, akamupimanso nthawi yanji, ndiponso ngati pakufunika kumutumiza ku chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Akanena kuti ululu wakula poyerekeza ndi m'mawa, sainani. Pakadali pano musamupatse phala, mankhwala otsegula m'mimba kapena achikuda, musathowe ndi madzi otentha, musatemerenso mphini pomwe pakupwetekapo, chifukwa mpeni udutsa pomwepo ndipo khungu lake likufunika lopanda zilonda.