Ndani amavomereza kuti pakati pa nyumba zogona anthu pamangidwe chinyumba chosanjikizana?

Mayi wa ku Lilongwe analemba kuti:

Ndikupempha nzeru kwa odziwa malamulo a zomangamanga m'mizinda. M'dera lathu, lomwe ndi limodzi mwa madera akale okhala ndi mapuloti akuluakulu, puloti yoyandikana ndi yathu inagulitsidwa, ndipo mwini wake watsopano wagwetsa nyumba imene inalipo n'kuzungulira malowo ndi malata. Anyamata amene akukumba maziko akunena kuti pamangidwa nyumba yosanjikizana kasanu, yokhala ndi masitolo pansi ndi nyumba zalendi pamwamba. Palibe amene anatifunsa maganizo, ndipo pa malatapo palibe chikwangwani chilichonse. Kodi chilolezo cha ntchito yotereyi chimachokera kuti, nanga ife oyandikana nawo tili ndi mpata wolankhulapo nyumbayo isanakwere?

Wojambula mapulani anayankha kuti:

Mayi, choyamba tisiyanitse zinthu ziwiri zimene anthu ambiri amaziphatikiza. Kukhala ndi mapepala a umwini wa malo, monga lizi yochokera ku Unduna wa za Malo, sikupatsa munthu ufulu womanga chilichonse chimene wafuna. Chilolezo chomangira ndi china, ndipo chimatsatira lamulo la Physical Planning Act la 2016, limene linalowa m'malo mwa Town and Country Planning Act la 1988. Mu mzinda wa Lilongwe pempho limapita ku khonsolo ya mzinda, ndipo komiti yoona za mapulani ndiyo imavomereza, kukana, kapena kuvomereza poika mfundo zoti womangayo azitsate.

Pa nkhani yanuyi pali mfundo yolemera kuposa zonse. Dera lililonse la mzinda linapatsidwa ntchito yake pa pulani: kwina ndi kogona anthu, kwina ndi kwa malonda, ndipo mafakitale akuluakulu anawaika ku Kanengo. Ngati puloti inalembedwa kuti ndi ya nyumba imodzi yogona banja, kuikapo masitolo ndi mabanja makumi angapo ndi kusintha ntchito ya malo, ndipo kusinthako kumafuna chilolezo chakechake, ngakhale mapulani a nyumbayo atajambulidwa bwino chotani. Komiti imayenera kuona kutalika kwa nyumba, mtunda umene yasiya kuchokera ku malire a puloti ndi ku msewu, malo oimikapo magalimoto, potulukira anthu moto ukabuka, ndi kumene madzi oipa adzapite. Zitukuko zina zikuluzikulu zimafunanso kafukufuku wa mmene zidzakhudzire chilengedwe ndi anthu, malinga ndi Environment Management Act ya 2017, ndipo kafukufukuyo amaunikidwa ndi bungwe la boma loteteza chilengedwe la MEPA. Pa kafukufuku ameneyu, kumva maganizo a anthu okhudzidwa ndi gawo la ntchitoyo.

Langizo langa ndi lakuti musakangane ndi anyamata okumba maziko, chifukwa iwo ndi aganyu chabe. Lembani kalata kwa mkulu wa khonsolo, mutchule nambala ya pulotiyo, mufunse ngati pali chilolezo chomangira ndiponso chosinthira ntchito ya malo, ndipo musunge kope lodindidwa chidindo cha tsiku limene alandira. Lamulo la Access to Information, limene linayamba kugwira ntchito mu September 2020, limakupatsani ufulu wopempha uthenga wotere ku ofesi ya boma. Ngati chilolezo palibe, khonsolo ili ndi mphamvu yolamula kuti ntchito iime. Chitani izi maziko asanathiridwe konkire, pakuti nyumba ikafika pa lintala, aliyense amayamba kuwerengera ndalama zimene zalowa kale, ndipo kuimitsa kumavuta.

Bambo wa ku Area 25 anayankha kuti:

Zimene afotokoza akatswiriwa ndi zoona, koma ine ndikufuna ndiimire mbali ina, chifukwa nkhani zotere zikabuka timafulumira kuona nyumba yosanjikizana ngati mdani. Likulu la dziko linasamuka ku Zomba kubwera ku Lilongwe mu 1975, ndipo amene anakonza mzindawu pa nthawi ya Capital City Development Corporation, bungwe limene linkayang'anira ntchito yomanga likulu latsopanoli, anaupanga wotambalala, wa mapuloti aakulu ndi mitengo yambiri, monga tikuonera ku Area 10 ndi Area 43. Pofika kalembera wa 2018 mzindawu unali ndi anthu 989,318, ndipo ambiri mwa iwo akukhala ku Mtandire, ku Chinsapo, ku Mgona, ku Kauma ndi madera ena amene anakula popanda pulani.

Ngati banja limodzi lipitiriza kukhala pa malo okwanira mabanja makumi awiri, pafupi ndi maofesi, misewu ya tala ndi mapaipi a madzi, ndiye kuti mphunzitsi ndi namwino azikafuna lendi kunja kwa mzinda, n'kumathera malipiro awo pa minibasi ndi kabaza. Minda ya m'midzi yozungulira mzinda ikugawidwa kukhala mapuloti chaka ndi chaka pa chifukwa chomwechi. Mzinda uyenera kukwera m'mwamba, Mayi, ndipo pena pake udzayamba pafupi ndi nyumba ya munthu wina. Chimene ine ndingatsutse ndi kumanga mobisa, osati kumanga kwenikweniko.

Mayi wa zaumoyo anayankha kuti:

Bambo, sindikukana kuti mzinda ukwere m'mwamba, koma nyumba yaitali imadalira zimene zili pansi pa nthaka, ndipo n'zimene ife sitizifunsa. Mbali yaikulu ya Lilongwe siinalumikizidwe ku mapaipi a suweji opita kumalo oyeretsera madzi oipa a ku Kauma, kotero nyumba zambiri zimadalira maenje a zimbudzi okumbidwa pa puloti pomwepo. Dzenje limene linkakwanira banja limodzi silingalandire zonyansa za mabanja makumi awiri ndi masitolo, makamaka m'nyengo ya dzinja pamene nthaka yakhuta madzi. Amene anaona zotere akudziwa mmene zimayambira: kafungo madzulo, udzu wobiriwira kwambiri m'mphepete mwa mpanda pakati pa chilimwe, kenako madzi akuda akuyenderera mu ngalande ya kumsewu kumene ana amasewera. Tisaiwale kuti mu July 2017 anthu a ku Area 18 anatunga m'mipopi yawo madzi osakanikirana ndi zonyansa za suweji, ndipo limenelo ndi dera lomangidwa motsata pulani.

Madzi a mvula nawonso ndi nkhani. Puloti yonse ikafoleredwa ndi denga n'kuwakidwa simenti, madzi amene ankalowa pansi amathamangira kwa wokhala kumunsi, ndipo akachuluka amakathera mu Lingadzi, mtsinje umene unasefukira n'kuononga nyumba ku Mtandire mu February 2017. Choncho, Mayi amene mwafunsa, m'kalata yanu musangonena kuti nyumbayo idzakutchingirani dzuwa kapena kuti alendi azidzasuzumira m'bwalo mwanu, ngakhale zimenezo n'zomveka. Funsani kuti suweji idzapita kuti, madzi a padenga adzatsata njira iti, thiransifoma ya m'deralo idzakwanitsa kapena ayi, ndiponso magalimoto a ogula adzaima pati. Mafunso amenewa komiti singawanyalanyaze, chifukwa ndi omwewo amene iyo iyenera kufunsa womangayo.

Mayi wa ku Lilongwe analembanso kuti:

Zikomo kwambiri nonse. Ndakambirana ndi mabanja ena a mumsewu wathu, ndipo tagwirizana kulemba kalata imodzi yosainidwa ndi tonse, kope lake tipereke kwa khansala wa dera lathu. Bambo a ku Area 25, mfundo yanu ndaimva, ndipo m'kalatamo sitinena kuti nyumbayo isamangidwe; tipempha kuona chilolezo chosinthira ntchito ya malo ndi pulani ya suweji ndi ngalande. Funso limene latsala ndi la kwa inu ojambula mapulani: ngati chilolezo chilipo kale koma womangayo wawonjezera nsanjika zimene sizili pa pulani yovomerezeka, kodi dandaulo limapitanso ku komiti yomweyo, kapena kwa oyendera nyumba a khonsolo?