Ngongole ya galimoto ya 0%: pali msampha kapena ndi mwayi?

Abale anga amene muli kuno ku UK, ndithandizeni nzeru. Ndimagwira ntchito yosamalira okalamba ku Leeds, ndipo kagalimoto kanga kandidyera ndalama zokwanira. Sabata yatha kalephera MOT (kuyeza kwa chaka ndi chaka koona ngati galimoto ili yoyenera kuyenda pamsewu) chifukwa cha dzimbiri kunsi.

Loweruka ndinapita kukaona yatsopano. Wogulitsa anandikhazika pansi, khofi m'manja, n'kundiuza kuti kampani yopanga galimotoyo ikupereka ngongole yopanda chiwongoladzanja, 0% APR, pa PCP ya zaka zitatu (ngongole imene umalipira mwezi ndi mwezi, kenako pamapeto umasankha kupereka chindalama chomaliza kuti galimoto ikhale yako, kapena kuibweza). Mtima unagunda ndithu. Koma nditapempha kuti anditsitsireko mtengo, nkhope inasintha. Akuti ndikasankha 0% mtengo sutsika, komanso dipoziti ikhale yaikulu. Ndikatenga ngongole yachiwongoladzanja, ndiye kampani ithirapo yake pa dipoziti. Kodi zotchipa ndi ziti pamenepa? Masamuwa andizunguza mutu.

Chondidetsa nkhawa kwambiri ndi mamailo. Ine ndimayenda khomo ndi khomo tsiku lonse, pomwe PCP imaika malire a mamailo pachaka, ukapyola umalipira pa mailo iliyonse pobweza galimoto. Nanga chindalama chomaliza chija, amene munafikapo munachipereka kapena munangobweza makiyi?

Lamulo la Consumer Credit Act la 1974 limalola kubweza galimoto ukalipira theka la ndalama zonse. Alipo anachitapo zimenezi pa PCP, zinayenda bwanji?

China, visa yanga yatsala ndi zaka ziwiri basi. Kodi angandivomere ngongole ya zaka zitatu? Wogulitsa uja akuimba foni tsiku lililonse, akufuna yankho Lachisanu.