Ndamaliza buku lachiwiri lija

Masabata atatu apitawo ndinafunsa ngati buku lachiwiri la nthano ya achinyamata ija, ya mtsikana woyatsa moto ndi mawu, lingafanane ndi loyamba. Ena munati ndisataye nthawi, ena munati ndilimbe mtima. Ndaliwerenga tsopano. Silikufika pa loyamba, komabe si loti n'kulitaya.

Matenda ake ndi omwe amagwira mabuku ambiri apakati nkhani ikakhala ya mabuku atatu. Loyamba limakoma chifukwa dziko lonse ndi lachilendo, lachitatu limadzamaliza zonse, ndiye lapakatili ntchito yake imangokhala kusamutsira anthu komwe kudzachitikire nkhondo yomaliza. Mitu yoyambirira ndinkangoyasamula, wolemba ali kalikiliki kundikumbutsa zomwe ndikuzidziwa kale. Wabweretsanso mnyamata wina woti azilimbirana mtsikanayo ndi woyamba uja. Abale, kodi zimenezi zidzatha liti?

Koma pali pomwe linandigwira mtima. M'buku loyamba matsenga anali aulere, kungotchula mawu moto n'kuyaka. Muno mtsikanayo akangowatchula, amaiwala kanthu kamodzi ka paubwana wake. Pali tsamba lina pomwe akusisita chipsera cha padzanja la mng'ono wake, n'kumufunsa kuti anapsa liti, osakumbuka kuti anamuwotcha ndi iye yemwe. Mng'onoyo sakuyankha, akungobisa dzanjalo. Ndinatseka buku n'kukhala kaye chete.

Mathero ndi omwe andikwiyitsa. Nkhani yadukira panjira, chitseko chikutseguka, wolowayo osatiuza kuti ndani. Inu amene munati ndidikire lachitatu lituluke kuti ndidzawerenge onse pamodzi, munkanena zoona.