Kamuvi ka sipidomita kakuvina pa Hilux yakale: vuto ndi kebulo kapena ndi kagiya?

Mwini Hilux wa ku Luwinga

Abale anga, ndikupempha nzeru kwa inu amene mumadziwa za magalimoto akale. Ndili ndi Toyota Hilux ya 1994, ya 4x4, ya dizilo, yomwe ndimanyamulira katundu kupita ku Rumphi ndi ku Nkhata Bay. Chiyambire nyengo ya mvula, kamuvi ka sipidomita kakhala kakuvina, moti ndikamayenda liwiro limodzimodzi kamalumpha pakati pa 40 ndi 70, ndipo kuseri kwa dashibodi kumamveka kaphokoso konga ka chinthu chouma chimene chikukhulana ndi chinzake. Sabata yatha, ndikuchokera ku Ekwendeni, kamuviko kanagwera pa 0 ndipo sikanadzukenso. Manambala a makilomita nawonso anaima pomwepo.

Makaniko wina wandiuza kuti ndigule sipidomita yonse ku magalimoto ophwasulidwa, koma mtengo wake wandichititsa kuti ndiyambe ndafunsa kaye. Kodi pali njira yodziwira chimene chawonongeka ndisanataye ndalama? Pepala la COF, losonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu, latsala pang'ono kutha, komanso apolisi apamsewu sangamve zoti kamuvi kanafa akandigwira ndi kamera pamalo a 50.

Makaniko wa ku Chibavi

Bambo, musafulumire kugula sipidomita, chifukwa zimene mwafotokozazo zikuloza kwina. Pa Hilux za zaka zimenezo liwiro siliyezedwa ndi magetsi. Kumbuyo kwa transfer case (bokosi la magiya logawira mphamvu ku matayala akutsogolo ndi akumbuyo), pafupi ndi pamene pamamangidwa shafiti yopita ku matayala akumbuyo, kuli kagiya kamene kamazungulitsa waya wopota amene ali mkati mwa kebulo, ndipo wayayo amakazungulitsa maginito mkati mwa sipidomita. Maginito akamazungulira amakoka kambale ka aluminiyamu komwe kamuvi kamamangidwako, ndipo waya yemweyo ndi amene amayendetsanso manambala a makilomita. Choncho manambala akamayenda koma kamuvi katagona, vuto limakhala mu sipidomita mwenimwenimo. Zonse ziwiri zikaima pamodzi, monga zachitikira kwa inu, ndiye kuti kuzungulirako sikukufika pamwamba, ndipo kawirikawiri amakhala waya waduka kapena mano a kagiya atha.

Kuvina kumene kunayamba kale kuja kunali chenjezo. Waya akauma, kapena kebulo ikapindika kwambiri pena pake, wayayo amagwira pang'ono, amadzipota, kenako amamasuka mwadzidzidzi, ndipo kamuvi kamalumpha nthawi iliyonse akamasuka. Akachita zimenezi kwa miyezi, amatopa n'kuduka.

Mungathe kuyesa nokha pakhomo. Lowani pansi pa galimoto, mumasule nati ya kebulo pa transfer case, ndipo mukoke nsonga ya waya wamkatiyo ndi pulayala. Akatuluka wamfupi, kumapeto kwake kuli nyankhalala ngati chingwe chothetheka, mwapeza vuto. Akakhala kuti ndi wathunthu, panani nsongayo mu makina obowolera, muwalize pang'onopang'ono, wina ali pampando akuyang'ana dashibodi. Muyese mbali zonse ziwiri, chifukwa kamuvi kamadzuka waya akazungulira mbali imodzi yokha. Kakadzuka, kebulo ndi sipidomita zili bwino, ndipo chatsala ndi kagiya. Kuti mukaone, ikani miyala ku matayala akutsogolo, mukweze kumbuyo ndi jeke n'kuikapo zochirikiza zolimba, giya ikhale pa nyutulo ndi handibuleki yomasula, kenako wina azungulitse tayala ndi manja, kuonetsetsa kuti shafiti ija nayonso ikuzungulira, inu mukuyang'ana m'kabowo kamene munatulutsamo kebulo. Kakapanda kuyenda, kagiyako kamatuluka mukamasula kabawuti kamodzi kamene kamagwira chotengera chake, ndipo mudzaona nokha ngati mano ake asalala.

Dalaivala wa njira ya Nyika

Zimene anena amakanikowa n'zoona, koma ine ndikuwonjezera kuti pa galimoto zoyenda m'fumbi ndi m'matope, monga za msewu wa ku Chelinda, kebulo imafuna girizi wambiri. Mukagula yatsopano, solorani waya, mumupake girizi kuyambira pansi mpaka pamwamba, ndipo mudzaiwala za vutoli. Muonenso kumene kebulo yadutsa, chifukwa pa galimoto zambiri zimene zinatsitsidwapo giyabokosi posintha kilatchi, anyamata pobwezera amaisiya ikulendewera pafupi ndi paipi ya ekizozi, kapena amaimanga ndi waya wa mpanda mokhotetsa kwambiri. Chikopa chake chikapsa, madzi amalowa ndipo dzimbiri limayamba mkati.

Makaniko wa ku Chibavi

Achimwene, pa nkhani ya kumene kebulo yadutsa mwalasa, ndipo mwini galimoto ayambire pomwepo, chifukwa kebulo yatsopano yoikidwa m'njira yokhota yomweyo sidzachedwa kuduka. Iyenera kubwerera m'timakilipi take, ipindike mofatsa, ndipo italikirane ndi ekizozi. Koma pa girizi ndikusiyana nanu. Waya akamazungulira amakankhira mafuta m'mwamba, ndipo girizi akafika mu sipidomita amamata kambale kaja, moti kamuvi kamayamba kuchedwa kudzuka, makamaka m'mawa wa June kuno ku Mzuzu kukazizira. Apake pang'ono chabe, girizi wopepuka, kuyambira pansi mpaka kupitirira theka, ndipo gawo la pamwamba alisiye louma. Kebulo yatsopano imabwera yopakidwa kale, kotero palibe chifukwa choisololera.

Pali chinanso chimene ambiri sachiona. Mukamasula nati ija n'kuona oyilo wa transfer case akudontha kuchokera m'kebulo, ndiye kuti kasilo kakang'ono kotchinga oyilo ka m'chotengera cha kagiya katha, ndipo oyiloyo amakwera mpaka ku dashibodi. Musinthe kasiloko ndi kamphira kake kozungulira nthawi yomweyo, ndipo muyezenso oyilo wa transfer case musananyamuke.

Wokonda Land Rover wa ku Katoto

Bambo wa ku Luwinga, pogula mutenge kebulo yakaleyo m'manja mukailinganize ndi yatsopano, kutalika kwake komanso nsonga zonse ziwiri, chifukwa ya Hilux ya 4x2 ndi ya 4x4 sizifanana nthawi zonse, ngakhale ogulitsa atakulumbirirani. Ngati ndi kagiya, muwerenge mano ake, popeza timagiyati timasiyana malinga ndi difu (magiya a pakati pa matayala akumbuyo) ndi kukula kwa matayala, ndipo kolakwika kamachititsa sipidomita kunama. Matayala nawonso amanamitsa. Galimoto imene inabwera ndi matayala a 205R16 ikavekedwa a 7.50R16, monga amachitira ambiri oyenda m'misewu ya fumbi, tayala limakula pafupifupi ndi gawo limodzi mwa magawo khumi, moti kamuvi kakaloza 80 mumakhala mukuthamanga pafupifupi 88. Mukamaliza kukonza, muyerekeze ndi GPS ya pa foni pamsewu wowongoka.

Kwa anzanga a Land Rover zakale zija za Series amene akuwerenga pano, kamuvi kovina si kebulo nthawi zonse. Pa zimenezo giya yoyendetsa sipidomita imagwiridwa ndi nati yaikulu ya kumbuyo kwa transfer case, ndipo natiyo ikakhwefuka, giya imaterereka pa shafiti. Ambiri asinthapo makebulo awiri atatu pamene chofunika chinali sipanala.

Mwini Hilux wa ku Luwinga

Zikomo kwambiri nonse, akuluakulu. Ndalowa pansi pa galimoto m'mawa uno ndipo waya watuluka wamfupi, woduka pafupi ndi pamene kebulo imakhota kulambalala ekizozi. Pamalopo chikopa chake chapserera, ndipo kilipi imene imayenera kuigwira palibe. Tazungulitsa tayala monga munanenera, ndipo kagiya kakuyenda bwinobwino, koma m'nati munali oyilo wakuda, choncho ndigula kebulo pamodzi ndi kasilo. Funso latsala limodzi kwa amakaniko a ku Chibavi: kodi nsonga ya pamwamba ndingaimasule polowetsa dzanja pansi pa dashibodi, kapena ndiyenera kutulutsa bolodi yonse ya mamita?

Makaniko wa ku Chibavi

Dzanja limafika movutikira, Bambo, ndipo kakilipi ka pulasitiki kamene kamagwira nsongayo kamathyoka msanga pa galimoto ya zaka zoposa 30. Masulani zomangira za bolodiyo, muikokere kwa inu pang'ono kebulo ili yomasula kale kumunsi, ndipo mukakanikize mukukaona. Musanasolole yakaleyo, mumangirire chingwe kunsonga kwake kuti chidzakuthandizeni kukoka yatsopano kudutsa pa kabowo ka mphira komweko.